Ndalama ya chakudya ikutha mwezi usanathe, ana nawo atopa ndi nyemba

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, wamkulu ali ndi zaka 12, wamng'ono zaka ziwiri. Ine ndi bambo awo tonse timagwira ntchito ndipo timafika pakhomo kutada, titatopa. Ndalama imene timapatula ya chakudya imatha mwezi usanathe, masiku omalizawo n'kumangodya nyemba, moti ana afika pozida. Bambo nawo amati chakudya chopanda nyama si chakudya. Firiji tili nayo koma ndi yaing'ono. Kodi pali kaphikidwe kosavuta, kosaboola m'thumba, koti banja n'kumadya mokondwa?

Yankho: Mayi, pa zonse mwalembazi ndikufuna tiyambire pa mawu akuti mumafika pakhomo kutada, mutatopa, chifukwa ndalama yanu ikutayikira pamenepo. Munthu amene wayamba kuganiza za chakudya ana atayamba kale kulira njala sagula mwanzeru. Amathamangira chopsa msanga, ndipo amagula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Zonse ziwirizi n'zodula. Kumayambiriro kwa mwezi, m'thumba muli kanthu, siziwawa: lero nyama, mawa soseji, mkuja chophikaphika chogula panjira poti mwachedwa, kwinaku theka la kabichi likufota pakona. Pofika pa 20 ndalama yapita, ndiye nyemba zimalowa m'nyumba, kaphikidwe komwekomweko, masiku otsatizana. Ikanakhala nkhuku yophikidwa motero masiku onsewo, anawo akanaida chimodzimodzi.

Langizo langa lalikulu ndi limodzi. Ntchito yolemera ya kukhitchini, imene imadya nthawi ndi moto, ichitike kamodzi kapena kawiri pa sabata, tsiku limene muli ndi mpata. Masiku enawo madzulo muzingomalizitsa, mphindi 20 chakudya chapsa. Ndipo nyemba zichoke kumapeto kwa mwezi, zibalalike mwezi wonse, ndalama ya nyama nayo igawidwe panayi tsiku lolandira malipiro lomwelo, kuti sabata yomaliza ikhale ndi gawo lofanana ndi la sabata yoyamba.

Musanasinthe kanthu, tengani kapepala. Kwa sabata imodzi lembani chilichonse chimene mwagula ndi chilichonse chimene mwataya. Ambiri safuna kuchita zimenezi poganiza kuti iwo sataya chakudya, amataya ndi olemera. Koma lipoti la mu 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti m'chaka cha 2022 padziko lonse panatayidwa chakudya cholemera matani 1.05 biliyoni, kuwerengera makoko ndi mafupa omwe, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo, m'mayiko olemera ndi osalemera omwe. Mpunga wotsala mumphika, buledi wouma, tomato woola pansi pa dengu, zonsezo ndi ndalama. Mpunga ndiye umatayika kwambiri chifukwa timauyeza ndi maso. Kapu imodzi ya mpunga wouma imatulutsa makapu pafupifupi atatu ukapsa. Sankhani kapu imodzi ikhale yoyezera, muone kuti banja lanu limamaliza makapu angati, basi muzikhala pomwepo.

Tsopano nyembazo. Ndichedwapo pang'ono, chifukwa palibe chakudya china chimene chimapatsa zambiri pa ndalama yochepa ngati nyemba ndi zinzake monga mphodza ndi nsawawa zouma. Magalamu 100 a nyemba zouma ali ndi mapuloteni oposa magalamu 20, pafupifupi mofanana ndi nyama yaiwisi yolemera chimodzimodzi, ndipo zikapsa zimafufuma kuposa kawiri. Zikadyedwa ndi mpunga, buledi kapena chakudya china cha ufa, chimene chikuperewera m'mapuloteni a nyemba chimapezeka kwinako. Vuto lake ndi moto ndi nthawi, ndipo apa pali zochita.

Ziviikeni m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. Mukaziviika m'mawa popita ku ntchito kapena usiku pogona, ntchito yagwirika yokha. Tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire mobwadamuka kwa mphindi zosachepera 10. Mphindi 10 zimenezi musazidumphe, makamaka pa nyemba zofiira zazikulu zija: zili ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amafa ndi kuwira kwenikweni, osati kungofunda. Zikatero chepetsani moto, vundikirani, zizingotokota. Madzi akawira sapitirira madigiri 100 ngakhale musonkhezere bwanji. Moto waukulu umangoumitsa madzi ndi kumaliza gasi, makala kapena magetsi. Nyemba sizipsa msanga nawo. Chivundikiro chokwana bwino chimapulumutsa moto wambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Za mchere, pali chikhulupiriro chakuti ukathira msanga nyemba zimalimba. Si zoona, thirani kumayambiriro kuti ulowerere mkati. Chimene chimalimbitsa nyemba ndi zowawasa, tomato, mandimu kapena viniga, choncho zimenezi zidikire nyemba zifewe kaye. China ndi kukhalitsa: nyemba zimene zasungidwa nthawi yaitali pamalo otentha ndi a chinyezi zimakana kupsa, ndiye zotsika mtengo zachaka chatha zingakudyereni pa moto zimene munapulumutsa pogula. Soda amafewetsadi msanga, koma amaononga vitamini B1 ndipo akachuluka amasiya kakomedwe ka sopo, ine ndimangomulola pa nyemba zokanika, kansonga ka supuni yaing'ono. Ngati tsiku lina mudzakhale ndi ndalama yogulira chiwiya chimodzi chokha cha kukhitchini, gulani pressure cooker, mphika wotsekeka zolimba umene umaphika ndi mphamvu ya nthunzi. Mkati mwake kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120, ndipo nyemba zoviika zimapsa pasanathe theka la ola. Ngati palibe, pali njira yakale: nyemba zikawira bwino kwa mphindi 20, phulani mphika uli chivundikirire, ukulungeni m'bulangete lochindikala, muusiye maola atatu kapena anayi. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha komweko. Muziwiritsenso musanadye.

Mfundo imene ingasinthe nkhope za ana anu ndi iyi: phikani mphika waukulu wa nyemba ndi mchere wokha, osathira tomato kapena mafuta. Mphika umenewo si ndiwo, ndi poyambira. Tsiku loyamba tapaniko gawo, mulikazingire ndi anyezi ndi tomato, mudye ndi mpunga. Tsiku lina tsanulani msuzi, nyenyani nyembazo ndi foloko, sakanizani ndi dzira limodzi, anyezi woduladula bwino ndi nyenyeswa za buledi wouma uja kapena ufa wa tirigu pang'ono, umbani timibulu tophwatalala n'kukazinga mbali zonse mpaka tifiire. Ana amene amakana nyemba m'mbale kawirikawiri amalimbirana timeneti, makamaka akaumba okha. Zotsalazo, pamodzi ndi msuzi wake, zikhale supu: mbatatesi, karoti, kabichi, makaroni odzaza dzanja, kudyera buledi. Pakati pa masiku amenewa pazilowa mazira kapena nkhuku, kuti nyemba zisagundane. M'firiji nyemba zophika zimakhala masiku atatu kapena anayi. Gawo la kumapeto kwa sabata liumitseni m'firiza, m'kapulasitiki kophwatalala kuti lisadye malo. Mphodza zofiira zosenda ndiye zabwino tsiku limene mwaiwala kuviika, sizifuna kuviika ndipo zimapsa m'mphindi 15 kapena 20.

Bambo akamati chakudya chopanda nyama si chakudya, nthawi zambiri chimene pakamwa pawo pakusowa ndi kakomedwe ka chinthu chokazingika mpaka kufiira. Kakomedwe kameneko kamabwera pamene mapuloteni ndi shuga wa m'chakudya akumana pa kutentha kwa madigiri 140 kupita m'mwamba, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912. M'madzi owira sizichitika, n'chifukwa chake chowiritsa chokhachokha chimakhala chozizira mkamwa. Anyezi amachita zimenezi bwino kwambiri, koma ambiri timamuthamangitsa: mphindi ziwiri m'mafuta, akadali woyera, tathira kale tomato. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mupatseni mphindi 10 mpaka 15 pa moto wapakati, ndi kamchere, mukutakasa, mpaka afiire ndi kununkhira motsekemera. Kenako adyo, jinja kapena kale (curry), zikazingike m'mafutamo theka la mphindi kuti fungo lituluke, zisapserere. Tomato abwere pomaliza, ndipo aphikike mpaka madzi ake aphwe, mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Chakudya chikapsa koma mukumva kuti chikusowa kenakake, musathamangire mchere, finyiranimo ndimu pang'ono mulawenso.

Anyezi ndi tomato wokazinga chonchi mupange wambiri tsiku lopuma lomwelo, muike m'botolo loyera m'firiji. Kwa masiku atatu kapena anayi ndiye chiyambi cha chakudya chilichonse. Supuni zingapo m'poto, madzi pang'ono, swerani mazira pamwamba, vundikirani mphindi 6 kapena 7, ndiwo zapsa mpunga usanapse. Kapena musakanize ndi supageti ndi kachitini kamodzi ka nsomba, kamene pakokha sikangakwane anthu asanu koma m'msuzi kamafika m'mbale ya aliyense. Mazira musawaone ngati chakudya cha m'mawa chokha. Limodzi lili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 6, ndipo mazira asanu omenya, othiridwa pa mbatatesi zotsala dzulo ndi anyezi m'chiwaya, n'kupsa pa moto wochepa mpaka agwirane, ndi chakudya chamadzulo chokwanira mukaikapo masamba pambali.

Komabe bambo sakulakwa kotheratu, ndipo ndisakunamizeni kuti nyemba zili ndi zonse. Vitamini B12 simupezeka m'nyemba, amachokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Ayironi wa m'nyama thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'zomera. Wa m'nyembayo amalowa bwino akatsagana ndi vitamini C, ndiye tomato, ndimu, kabichi wosapsetsa kapena chipatso pambuyo pa chakudya zili ndi ntchito. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho asamwedwe pamodzi ndi chakudya. Nyama isachoke m'nyumba, ingosintha udindo. M'malo moti aliyense alandire nthuli yake, iduleni ting'onoting'ono, muikazinge mpaka ifiire, ikometse mphika wonse wa masamba, mbatatesi kapena nyemba. Nyama yogaya mukaisakaniza theka ndi theka ndi mphodza zophika, ochepa ndi amene amazindikira.

Nkhuku yathunthu kawirikawiri imatsika mtengo pa kilogalamu kuposa yodula kale ziwalo, ndipo imapereka chakudya katatu. Ntchafu ndi miyendo tsiku loyamba. Chidali muchiduledule chilowe mu mpunga wokazinga kapena m'masamba. Msana, khosi, nsonga za mapiko ndi mafupa onse zitokote maola awiri kapena atatu ndi makoko oyera a karoti ndi zidutswa za anyezi, mupeze msuzi umene ukaphikira mpunga kapena supu ana amafunsa kuti nyamayo ili kuti. Nkhuku yaiwisi musaitsuke pa mpope. Madzi odontha amamwaza majeremusi pa mbale ndi pa tebulo, pamene moto ndi umene umawapha. Sambani m'manja, tsukani mpeni ndi thabwa musanadulirepo china. Pa nyama ya ng'ombe, zigawo zolimba zokhala ndi mitsempha ndiye zotsika mtengo, ndipo ndiye zokoma zikaphikidwa pang'onopang'ono, poti mitsemphayo imasungunuka n'kulemeretsa msuzi. Zimenezo ndi za tsiku lopuma. Chiwindi chimapsa m'mphindi zochepa ndipo chili ndi ayironi ndi vitamini A wambiri, wambiri moti kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo mayi woyembekezera ayambe wafunsa kuchipatala.

Kuphika zambiri nthawi imodzi kuli ndi ngozi yake, ndipo apa ndilankhula mosanyengerera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Majeremusi amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye chakudya chizikhala chotentha kwenikweni kapena chozizira kwenikweni. Mphika waukulu ukalowa m'firiji wathunthu pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri. Gawani m'makontena osaya kuti chizizire msanga. Potenthetsa, chitenthe mpaka chituluke nthunzi paliponse, ndipo mutenthetse gawo lokhalo limene mudye. Mpunga ndi woopsa kuposa mmene umaonekera. Umakhala ndi njere za bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus zimene sizifa pophika. Mpunga ukagona pofunda zimadzuka n'kutulutsa poizoni amene kutenthetsa sikumuchotsa, ndipo sanunkha kuti mudziwe. Wotsala uyalidwe m'mbale yotakata, uzizire, ulowe m'firiji pasanathe ola, udyedwe mawa lake. Ubwino wake, mpunga wozizira woterewu ndi umene umakazingika bwino osamatana: mafuta pang'ono, anyezi, karoti, kabichi, mazira awiri, mphindi 10 zokha.

Masamba sindichedwapo. WHO imati munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo njira yofikirako popanda kulira ndi kugula zimene zili pa nyengo yake. Kabichi, karoti ndi maungu zimakhalitsa, zidikire kumapeto kwa sabata. Masamba ofewa adyedwe masiku awiri oyamba. Aphikeni mwachidule, m'madzi ochepa, ndi timafuta pang'ono, poti vitamini A amafuna mafuta kuti alowe m'thupi. Mbatatesi zisungidwe pamdima, kutali ndi anyezi, ndipo pamene pabiriwira kapena pamera muchotsepo mozama. Yobiriwira kwambiri kapena yowawa itayidwe.

Mudzamva anthu akuti gulani zambiri nthawi imodzi. Ndi zoona pa mpunga, nyemba, mafuta, ufa ndi mchere, ngati muli ndi pouma posungira. Pa zoola si zoona, thumba la tomato lotchipa limene theka lake liwole ndi lodula. Mtedza kapena chimanga chochita chuku musachiphike n'komwe: poizoni wake, aflatoxin, saphedwa ndi moto wa kukhitchini ndipo amaononga chiwindi. M'sitolo yerekezani mtengo pa kilogalamu kapena pa lita, osati pa paketi, chifukwa paketi yaikulu siikhala yotchipa nthawi zonse. Ndipo pa kapepala kanu kaja muone bwino mzere wa zakumwa zotsekemera, mabisiketi ndi tokometsera ta m'mapaketi. Ndikukayika ngati simudzadabwa nawo. Tokometserato mbali yaikulu ndi mchere, pamene WHO imati wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wobisika m'buledi ndi soseji. Mukakhala ndi anyezi wofiira bwino ndi msuzi wa mafupa simutifunanso.

Wa zaka ziwiriyo ali ndi nkhani yakeyake. Mimba yake ndi yaing'ono, sangadikire chakudya chamadzulo ngati akulu. Amafunika kudya katatu kapena kanayi, ndi tina topepuka pakati, monga nthochi, dzira lowiritsa kapena mkaka. Mupatseni mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Pomupakulira supu, mupatse zolemera za pansi, nyemba zonyenya, mbatatesi, tinyama, osati msuzi wokha umene umadzaza mimba popanda kanthu. Gawo lake lichoke mumphika musanathire tsabola, ndipo mtedza wathunthu usamuyandikire, ungamutsamwitse. Wosinja ulibe vuto ngati thupi lake siliukana. Akakana chakudya chatsopano musamukakamize komanso musataye mtima. Ana aang'ono ambiri amafuna kuchiona kambirimbiri, nthawi zina kupitirira ka 10, asanachivomere.

Chinanso, ntchito yonseyi isakhale pamutu panu nokha, poti nonse awiri mumachokera ku ntchito. Wa zaka 12 akhoza kusankha ndi kuviika nyemba, kutsuka ndi kuyeza mpunga, kusenda mbatatesi, ngakhale kuphika mazira wamkulu ali pafupi. Bambo, poti ndiwo odziwa kukoma kwa nyama, atenge udindo wodula nkhuku ndi kuyang'anira mphika wa mafupa. Pakhoma la kukhitchini pamatidwe kapepala ka chakudya chamadzulo cha masiku asanu, awiri otsalawo asiyidwe opanda kanthu kuti adye zotsala, ndipo amene wafika msanga pakhomo ayambe kuphika popanda kuimba foni.

Firiji yaing'onoyo ikukwanirani mukasiya kuikamo zosafunika kuzizira. Anyezi, adyo, mbatatesi, maungu osadula ndi tomato wosapsa zikhale panja. Malowo apite kwa zophika, mkaka ndi nyama, yaiwisiyo pa shelefu ya pansi, yovundikira, kuti isadonthere zina. Musaidzaze mpaka kutseka mpweya, siizizira bwino. Magetsi akazima, chitseko chikhale chitsekere: firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya bwino kwa maola pafupifupi anayi. Akapitirira pamenepo, nyama ndi zophika zimene zafunda kwa maola oposa awiri musaziyese ndi mphuno kapena lilime, zitayeni, ndipo sabata imene mukudziwa kuti magetsi avuta muphike za tsiku limodzi kapena awiri okha.